Kapangidwe ka smoothie wa ana pogwiritsa ntchito tiyi wa zitsamba

Mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka ziwiri ndi theka, mlangizi wa zaumoyo ku sikelo anamukoka chikope cham'munsi, namutambasula tizikhatho, kenako anandifunsa kuti, "Mayi, mwanayu m'mawa amadya chiyani?" Ndinayankha mosakayika kuti amamwa tiyi ndi mbatata ngati aliyense pakhomo pathu. Mlangiziyo anati mwanayo akuoneka kuti magazi ndi ochepa. Anatitumiza kukayezetsa malungo, tinalandira mankhwala a njoka zam'mimba, ndipo pomaliza anandiuza kuti tiyi wa masamba ndimusiyitse kaye.

Mawu omalizawo ndi amene anandivuta. Kuno ku Mulanje tiyi anayamba kudzalidwa mu 1891, ndipo ife tonse tinabadwa tikumuona. Ukanyamuka pa Chitakale kulowera ku Muloza, phiri lili kudzanja lamanzere, maso amangoona kubiriwira kwa tiyi mpaka kutopa. Amayi anga anathyola tiyi zaka zambiri, dengu lili kumsana. Ndiye munthu andiuze kuti mwana wa ku Mulanje asamwe tiyi?

Koma chifukwa chake chilipo ndipo ndi chomveka. M'masamba a tiyi muli kafini, uja amachotsa tulo ndi kuthamangitsa mtima. Mulinso zinthu zakhambi, zija zimadetsa kapu mkati, zomwe zimagwira ayironi wa m'chakudya kuti asalowe bwino m'thupi. Ayironi ndiye amapanga magazi. Munthu wamkulu wodya mokwanira savutika nazo kwenikweni, koma mwana amene ndiwo zake kawirikawiri ndi nyemba ndi masamba, akamatsitsira chakudya chake ndi tiyi wakuda tsiku lililonse, amaluza kangachepe komwe akanapeza.

Vuto linali lakuti mwana wozolowera kapu m'mawa salola kukhala chimanjamanja abale ake akumwa. Apa ndi pomwe ndinayambira kupanga chakumwa chomwe m'tauni amati smoothie: zipatso zopotedwa mpaka kusalala, zosungunulidwa ndi madzi kapena mkaka kuti zimweke. Ine m'malo mwa madzi wamba ndimathira tiyi wa zitsamba wozizira. Mfundo imodzi muigwiritsitse kuyambira pano: tiyiyo ntchito yake ndi kununkhiritsa ndi kusungunula basi. Chakudya chenicheni ndi chipatso, mtedza ndi mkaka.

Choyamba, onani msinkhu wa mwana

Mwana wosakwana miyezi 6 amayamwa mwakathithi, osapatsidwa madzi, tiyi wamtundu uliwonse, ngakhale dontho. Kuyambira miyezi 6 mpaka chaka, mupatseni nthochi, peyala kapena papaya lopota ndi sipuni, bere likupitirira, koma tiyi ayi. Uchi musamupatse mwana wosakwana chaka chifukwa umatha kukhala ndi tizilombo tomwe m'mimba mwa khanda simungathane nato, ndipo matenda ake amafooketsa thupi lonse mpaka kupuma. Mwana wa chaka chimodzi mutha kumupangira smoothie wa mkaka wowiritsa kapena madzi owiritsa. Tiyi wa zitsamba ine ndimayamba kuthira mwana akakwanitsa zaka 2. Ngati mwana ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga ma ARV kapena a khunyu, funsani kaye adokotala musanayambe kumupatsa chitsamba chilichonse.

Chachiwiri, sankhani tsamba

Apa ndichedwepo, chifukwa mawu oti zitsamba amasocheretsa. Sindikunena mankhwala a kwa asing'anga, kapena makungwa ndi mizu yogulitsidwa m'mabotolo pamsika. Ndikunena masamba ndi maluwa omwe ndi chakudya kale, omwe timawadziwa dzina ndi mbewu yake.

Woyamba kwa ine ndi udzu wa mandimu, umene ambiri timangoti lemon grass. Umamera bwino kwambiri kuno chifukwa cha mvula yathu, ndipo phata limodzi kuseri kwa khitchini limakwanira banja chaka chonse. Fungo lake ndi la ndimu koma suwawasa, ndiye umagwirizana ndi mkaka, nthochi ndi peyala. Kwa mwana woyamba kumene, yambani ndi umenewu.

Wachiwiri ndi chidede. Tonse timachidziwa ngati ndiwo yowawasa, koma makoko ake ofiira aja, akauma, amatulutsa tiyi wofiira ngati magazi. Ana amakopeka ndi mtunduwo msanga. Chidede ndi chowawasa kwambiri, choncho chimafuna chipatso chotsekemera ngati mango kapena nthochi yakupsa, ndipo sichigwirizana ndi mkaka. Mukachithira mu mkaka, mkakawo umadukaduka pomwepo.

Wachitatu ndi rooibos, tiyi wofiira wa ku South Africa amene amagulitsidwa m'timatumba m'masitolo akuluakulu. Si wochokera ku mtengo wa tiyi wathuyu, alibe kafini, ndipo zakhambi zija ali nazo zochepa. Kukoma kwake kumafanana ndi tiyi wamba, ndiye amathandiza kwa mwana amene akulirira tiyi wa bambo ake. Werengani bwino pa paketi, chifukwa ena amamusakaniza ndi tiyi weniweni.

Jinja ndi minti ndi zongowonjezera. Jinja amayabwa pakhosi, ndiye kachidutswa kofanana ndi chikhadabo cha chala chachikulu nkokwanira pa theka la lita. Minti, timasamba tinayi kapena tisanu.

Tsopano zosayenera. Nimu, alovera, masamba a mapapaya, ndi chilichonse chowawa chomwe akuluakulu amamwa ngati mankhwala, zisalowe m'kapu ya mwana. Tiyi wobiriwira, ngakhale ali m'paketi yokongola yolembedwa za thanzi, ndi tsamba lomwe lija la m'minda yathu, kungoti lakonzedwa mwanjira ina, ndipo kafini ali momwemo. Tiyi wochepetsa thupi kapena wotsuka m'mimba, ameneyo ndiye asayandikire n'komwe. Musathyolenso masamba m'mphepete mwa msewu kapena m'malire mwa munda womwe amapoperamo mankhwala.

Pali chikhulupiriro chomwe ndinakula nacho ndipo anganga anga anamwalira akuchikhulupirira: kuti chakumwa chofiira chimawonjezera magazi. Ndiye mwana akayera m'maso, amamuphikira chidede kapena masamba a mapeyala, madzi ake ofiirira aja, n'kumadikira kuti achira. Kufiira kwa madzi si magazi. Mwana woyera m'maso ndi m'zikhatho apite kuchipatala akayezedwe, chifukwa nthawi zambiri kumbuyo kwake kumakhala malungo kapena njoka zam'mimba. Ayironi amapezeka mu usipa, matemba, chiwindi, mazira, nyemba, nandolo ndi bonongwe. Chomwe smoothie angathandize n'chakuti vitamini C wa mu malambe, magwafa, mango ndi zinanazi amathandiza thupi kutenga ayironi wa mu nyemba ndi masamba. Tiyi wakuda amatsekereza, zipatso zimatsegula njira.

Chachitatu, phikani tiyi wosalimba, ndipo mumulole azizire

Tengani madzi theka la lita, omwe ndi makapu awiri a tiyi akuluakulu. Awire mpaka kubwadamuka, ndipo apitirire kubwata kwa mphindi imodzi yathunthu. Musanyengedwe ndi kuyera kwa madzi a m'phiri. Amene tinaona kolera wa 2022 ndi 2023, ndi momwe namondwe wa Freddy anawonongera mipope ndi zitsime mu Malichi 2023, tikudziwa kuti madzi oyera m'maso amatha kudwalitsa. Ubwino wogwiritsa ntchito tiyi ndi womwewu: madzi a smoothie amakhala atawira kale.

Madzi akawira, phulani poto, kenako ikani tsamba. Ngati ndi udzu wa mandimu, masamba awiri kapena atatu otsuka bwino, muwapinde ndi kuwamanga mfundo kuti fungo lituluke. Samalani, m'mbali mwake amacheka ngati lezala. Ngati ndi chidede chouma, makoko anayi kapena asanu, mutawatsuka fumbi. Ngati ndi rooibos, kathumba kamodzi. Vundikirani poto kwa mphindi 5, kenako sefani. Muyezo umenewu ndi pafupifupi theka la mphamvu ya tiyi wa munthu wamkulu, ndipo ndi dala. Mukalawa n'kumva ngati tiyi wachepa mphamvu, ndiye kuti mwakhoza.

Musathire shuga.

Tiyi azizire kaye asanakumane ndi zipatso. Madzi otentha amawononga vitamini C, amadetsa nthochi, ndipo mu bulenda (makina a magetsi ogayira zipatso) nthunzi imatha kukankha chivundikiro n'kukuwotchani. Kuti azizire msanga, ikani poto wovundikira m'beseni la madzi ozizira. Ine ndimaphika tiyiyu m'mawa pa moto womwewo wa phala, kuti ndisawononge makala kawiri, ndipo pofika 10 koloko amakhala atazizira. Amene ali ndi firiji atha kumusunga m'botolo lotseka mpaka mawa lake. Opanda firiji, wa lero athere lero.

Chachinayi, konzani zipatso ndi zolimbitsa

Sambani m'manja ndi sopo. Tsukani zipatso musanasende, ngakhale zomwe makoko ake mutaya, chifukwa mpeni umatenga dothi la kunja n'kulilowetsa mkati. Mpeni ndi mbale zisakhale zomwe mwangodulira nyama kapena nsomba yaiwisi.

Nthochi ndiye msana wa smoothie aliyense. Imatsekemeretsa, imalimbitsa, ndipo imaphimba kuwawasa. Sankhani yakupsa kwambiri, ya madontho akuda pakhungu, ija amayi a pamsika amatsitsa mtengo madzulo. Nthochi ya sukari ndi yotsekemera koposa koma ndi yaing'ono, ndiye muike ziwiri. Kabuthu imodzi imakwanira. Kuyambira pomwe matenda a chisaka anawononga nthochi ku Thyolo ndi kuno, mtengo wake sunabwererenso mwakale, choncho nthochi ikasowa gwiritsani ntchito papaya lakupsa kapena mbatata yophika.

Zina zonse tsatirani nyengo. Mvula ikamayamba ndi nthawi ya mango, ndipo zinanazi zimadzaza m'mphepete mwa msewu chakumapeto kwa chaka mpaka kumayambiriro kwa china. Mango akamatha mapeyala amakhala akugwa, kenako magwafa. M'nyengo yozizira mumabwera malambe ochokera kumadera otentha monga kuchigwa cha Shire, pamodzi ndi manachesi. Papaya silisankha mwezi kwenikweni. Palibe chifukwa chogulira maapozi odula ochokera kunja mwezi umene mapeyala akuwolera pansi pa mtengo.

Mango a kalisere ndi okoma koma ali ndi ulusi wambiri, ndiye muwafinye ndi manja oyera n'kuwasefa. Maboloma amadulika bwino ndi mpeni. Magwafa musefe nthawi zonse, chifukwa njere zake ndi zolimba ndipo ngakhale bulenda sazigaya. Chinanazi muchotse maso ake onse ndi mtima wolimba wapakati.

Malambe ali ndi kakonzedwe kawokawo, ndipo apa tiyi uja amagwira ntchito yabwino. Ikani malambe odzaza dzanja limodzi m'kapu ya tiyi wozizira, adikire mphindi 30, kenako takasani ndi sipuni mpaka ufa wonse utachoka ku njere. Sefani, tayani njere ndi ulusi. Mutsala ndi madzi okhuthala ngati phala lamadzi, owawasa bwino.

Zipatso zokha sizisunga mimba nthawi yaitali. Ku sikelo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya, ndipo kapu imodzi ya smoothie imatha kunyamula atatu kapena anayi mwa iwo mukawonjezera cholimbitsa. Chiponde, sipuni imodzi yaikulu. Peyala, theka. Chambiko kapena mkaka, theka la kapu. Ngati chiponde mukusinja nokha, sankhani mtedza bwinobwino, mutaye wonyala, wobooka ndi wachuku, chifukwa chuku cha mtedza chili ndi poizoni amene satha ndi kukazinga. Nsinjiro zaziwisi musathire. Mtedza ukazingidwe kaye. Mkaka wogula kwa alimi, kaya wa ku Bvumbwe, ku Goliati kapena kwa aneba amene ali ndi ng'ombe, uwiritsidwe ndi kuzizira musanaugwiritse ntchito. Mkaka wosawiritsa umatha kupatsira matenda a ng'ombe, TB ili m'gulu lomwelo.

Ufa wa chammwamba ena amaukonda. Ngati mukuthira, kakhale kotsina ndi zala ziwiri. Ukachuluka umawawa ndipo mwana adzakana kapu yonse.

Chachisanu, sakanizani

Amene muli ndi bulenda ndipo magetsi alipo, yambani kuthira zamadzi, kenako zipatso zofewa, zolimba pamwamba. Tsekani, gayani kwa mphindi imodzi. Mukayamba ndi zolimba, mipeni yake imangozungulira pachabe ndipo injini imatentha.

Ambiri a ife bulenda tilibe, ndipo smoothie wanga woyamba ndinapanga ndi foloko. Njira yake nayi. Ikani nthochi ndi peyala m'mbale yakuya, potani ndi foloko mpaka pasakhale chibuluma. Ngati pali chiponde, chisungunuleni padera ndi sipuni ziwiri za tiyi mpaka chitafewa, chifukwa mukachiponya chonchi chimangoyandama m'timibulu. Phatikizani zonse, kenako zidutsitseni pa sefa mukukanikiza ndi kumbuyo kwa sipuni. Zotsalira pa sefa, ngati si njere kapena ulusi, zibwezereni momwemo, ndi chakudya. Tsanulirani m'botolo la kukamwa kwakukulu, ngati lija la chiponde kapena la mayonezi, lotsukidwa ndi madzi otentha. Thirani tiyi, tsekani kwambiri, khutchumulani kwa mphindi imodzi. Ntchito yokhutchumulayi apatseni ana. Kwathu amalimbirana, ndipo mwana amene wakhutchumula yekha sakana kumwa.

Chinanazi ndicho chimavuta popanda bulenda. Chiduleni tizidutswa ting'onoting'ono, musinje mu kamtondo, kenako mufinye pa kansalu koyera kowiritsa. Kamtondoko kasakhale komwe mumasinjira tsabola kapena adyo, fungo lake silichoka.

Kukhuthala kwake kukhale kwakuti mukamiza sipuni n'kuitulutsa, ituluke itavala. Akakhala wamadzimadzi, mwana amadzaza mimba ndi madzi. Thirani tiyi pang'onopang'ono, chifukwa kuwonjezera n'kosavuta koma kuchotsa sikutheka.

Nayi misakanizo yomwe imayenda pakhomo panga. Uliwonse umakwanira ana awiri aang'ono.

Wa tsiku ndi tsiku ndi wa nthochi imodzi, theka la peyala, theka la kapu ya chambiko ndi theka la kapu ya tiyi wa udzu wa mandimu. Umatuluka wobiriwira pang'ono, wosalala ngati mafuta, ndipo ndi umene ndimapatsa mwana amene sikelo yake ikukwera mochedwa, chifukwa peyala lili ndi mafuta abwino ambiri. Madontho ochepa a ndimu amathandiza kuti usade msanga.

Wofiira ndi wa mango awiri akupsa, nthochi imodzi ndi kapu yosadzaza ya tiyi wa chidede. Mopanda mkaka. M'malo mwa mango mutha kuika zidutswa zitatu za chinanazi, koma pamenepo muwonjezere nthochi ina chifukwa zowawasa zakumana ziwiri. Uwu ndi wa mwezi wa Novembala ndi Disembala, dzuwa likuswa mtengo, ana akamapempha ndalama ya mafirizesi.

Wa malambe ndi umene amuna anga amabera ana. Kapu imodzi ya madzi a malambe oviikidwa mu rooibos, nthochi ziwiri, ndi sipuni yaikulu ya chiponde. Kuwawasa kwa malambe ndi kununkhira kwa mtedza wokazinga zimagwirana modabwitsa. Mukaona kuti wawawasa kwambiri, musathamangire shuga, onjezani nthochi.

Ndiye pali wa chiperoni. Mu Juni ndi Julayi, nkhungu ikatsika m'phiri n'kumawaza kamvula kosatha masiku atatu, palibe mwana amene angafune chozizira. Phikani mbatata yofiira mkati imodzi yapakatikati, muisende, muipote ikadali yofunda. Thirani theka la kapu ya mkaka wowiritsa wofunda, theka la kapu ya tiyi wa udzu wa mandimu wophikidwa ndi kachidutswa ka jinja, ndi theka la nthochi. Uwu wokha ndi umene umamwedwa wofunda, ndipo muyese kutentha kwake podontheza pamkono panu. Mbatata yofiira ili ndi vitamini A wambiri, wothandiza maso ndi chitetezo cha thupi, ndipo mafuta a mu mkaka amathandiza kuti alowe m'thupi.

Ndikuchenjezeni pa cholakwa chomwe ndinachita ndekha. Tsiku lina ndinasakaniza chinanazi ndi mkaka m'mawa, n'kusungira mwana wanga wamkulu kuti adzamwe akaweruka kusukulu. Atalawa anakwinya nkhope nati, "Amayi, mwathiramo mankhwala?" Nditalawa ndinapeza kuti chikuwawa ngati ndulu. Chinanazi ndi papaya zili ndi mphamvu yoswa zomanga thupi za mu mkaka, mphamvu yomwe ija imafewetsa nyama yolimba mukaikulunga m'masamba a papaya. Zikakhala pamodzi nthawi, mkaka umasanduka wowawa. Choncho chinanazi ndi papaya zisakanizeni ndi tiyi yekha, kapena ngati mwathira mkaka, mwana amwe nthawi yomweyo.

Chachisanu ndi chimodzi, kapatsidwe kake

Mwana wa zaka 2 kapena 3, theka la kapu patsiku n'lokwanira. Wa zaka 4 mpaka 6, kupitirira theka pang'ono. Wa kusukulu, kapu imodzi. Zikuoneka zochepa, koma kumbukirani kuti m'kapumo muli nthochi ndi peyala zomwe akanadya ndi mano zikanamutengera nthawi. Zomwa zimatsika msanga, ndipo mwana amatha kupitirira muyezo osazindikira.

Nthawi yabwino ndi pakati pa zakudya, cha m'ma 10 koloko m'mawa kapena 3 koloko masana. Mukamupatsa nsima ili pamoto, adzakana nsima. Smoothie salowa m'malo mwa phala, nsima ndi ndiwo, ndiponso asalowe m'malo mwa chipatso chodya ndi mano. Mwana amafunika kutafuna, kuluma gwafa, kuyamwa mango mpaka madzi kutsikira m'zigongono. Masiku ena ingomupatsani chipatso chonse.

Amwere m'kapu, osati m'botolo la nsonga ya mphira, ndipo amwe n'kumaliza, osati kuyenda nayo kapu tsiku lonse akupsontha. Shuga wa m'zipatso ndi kuwawasa kwa chidede ndi malambe zikakhalitsa m'kamwa zimadya mano. Akamaliza, amwe madzi pang'ono otsukira m'kamwa. Usiku pogona musamupatse.

Chinthu chatsopano chilowe chimodzichimodzi. Lero mwayamba udzu wa mandimu, dikirani masiku awiri kapena atatu musanayese chidede. Mukatero, mwana akatuluka zidzolo kapena kutsegula m'mimba mudziwa chomwe chachititsa. Mtedza ndi mkaka ndi zomwe zimawenga ana ena. Mukaona milomo kapena nkhope ikutupa, thupi likutuluka zotupa zoyabwa, kapena mwana akubanika, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti muone ngati zisintha.

Mwana amene akutsegula m'mimba mankhwala ake ndi Thanzi ORS ndi zinki zochokera kuchipatala, pamodzi ndi kupitiriza kuyamwa ndi kudya. Musamuchedwetse pakhomo ndi tiyi wa jinja. Chimodzimodzi mwana wotentha thupi: kuno kwathu kutentha thupi ndi malungo mpaka atayezedwa n'kupezeka kuti si malungo.

Za agogo ndi azakhali

Chovuta chachikulu pakhomo panga sichinali mwana, chinali apongozi anga. Iwo kwawo mwana wosapatsidwa tiyi wa shuga ndi mwana womanidwa, ndipo ndikachoka ankamugawira wawo pa sosala. Sindinakangane nawo. Ndinayamba kuwapangira kapu yawo ya malambe ndi chiponde, ndipo tsiku lina ndinawapempha kuti, "Amayi, inu mumadziwa kusankha chidede chabwino kuposa ine, mundigulireko mukapita kumsika wa ku Limbuli." Kuyambira pamenepo chidede chinakhala udindo wawo, ndipo ndi iwo amene anandiphunzitsa kuchiyanika pamthunzi, pa lichero lovundikira ndi kansalu, kuti chisatuwe ndi dzuwa. Za shuga tinagwirizana kuti sipuni imalowa m'kapu ya akulu yokha. Mwana wosakwana zaka 2 safunika shuga wothira ngakhale pang'ono, ndipo wamkulupo akazolowera kutsekemera kwa nthochi sawufunsanso. Kwa mwana amene anazolowera kale sipuni zitatu, tsitsani pang'onopang'ono pa milungu iwiri kapena itatu, osati tsiku limodzi.

Chomaliza, kusunga ndi kutsuka

Smoothie sasungika. Popanda firiji amwedwe pasanathe maola 2, ndipo nyengo yotentha musafike n'komwe pamenepo. Mu firiji, m'botolo lotseka, athere tsiku lomwelo. Wa mkaka kapena chambiko musamuike m'chikwama cha mwana wopita kusukulu kuti akamwe pa buleki. Mupatseni nthochi yosasenda ndi botolo la tiyi wa udzu wa mandimu, smoothie adzamupeza kunyumba. Amene muli ndi firiji yowumitsa, zotsala zithireni m'timakapu, mubaikemo kasipuni, ziume. Amenewo ndi mafirizesi omwe mukudziwa chomwe chili mkati mwake.

Sefa, botolo ndi bulenda zitsukidwe nthawi yomweyo ndi sopo, zisanaume. Nthochi ikaumira m'mabowo a sefa imachita chuku, ndipo pansi pa mipeni ya bulenda ndi pa mphira wa chivundikiro ndi pomwe pamabisala zonyansa. Kamswachi kakale kosungira ntchito imeneyi yokha kamathandiza. Yanikani pa thandala, padzuwa, mozondotsa.

Udzu wa mandimu musamagule. Pemphani kwa mnzanu mapesi atatu okhala ndi mizu, mudule masamba kusiya kutalika kwa chikhatho, mubzale pamalo opeza dzuwa pafupi ndi thandala pomwe pamagwera madzi otsukira mbale, kutali ndi chimbudzi ndi bafa. Mukabzala ndi mvula yoyamba, pakatha miyezi itatu kapena inayi mumayamba kudula. Chidede fesani nthawi yomweyo m'mphepete mwa munda wa chimanga, mbewu zochepa chabe. Makoko ake muthyole mvula ikatha, atafiira ndi kunenepa, muchotse kabulu ka njere kali mkati, muyanike mpaka azithyoka mukawapinda, ndipo muwasunge m'botolo louma lotseka bwino, pamalo pamdima. Njerezo musunge padera za chaka chamawa.